Mlonda Amene Sitimthokoza

Kuno ku Mangochi, mwezi wa Okutobala dzuŵa likafika paliwombo, mchenga wa m'mbali mwa nyanja umatentha ngati phale lokazingira chimanga. Ana otumidwa kudooko amayenda chodumphadumpha, maso ali pa kamthunzi ka bwato kapena pa kaudzu koti apondepo, ndipo akangoloŵetsa mapazi m'madzi amapuma mpweya wautali ngati anthu opulumuka. Mwa ana onseŵa palibe ndi mmodzi yemwe amene amabwerera kwa amake akuyamikira kuti mapazi ake amamva kutentha. Ife akuluakulu ndi chimodzimodzi. Ululu timauyesa mdani basi, ndipo tikafika kuchipatala pempho lathu limakhala limodzi, lakuti adokotala atichotsere kuŵaŵa kumene tabwera nako. Komatu m'dera lathu lomwe lino, pa Utale ndi m'midzi yambiri ya m'mbali mwa Shire ndi nyanja, mwakhala anthu amene ululu udawachokeradi m'manja ndi m'mapazi. Anthu ameneŵa sadapeze mtendere ai. Adataya zala.

Tisanafike kwa iwo, tiyeni tiyambe taona chimene chimachitika m'thupi la munthu wabwinobwino. Titenge msodzi wa ku Malindi kapena ku Chembe amene akutsika m'bwato mbandakucha, naponda nkholokolo imene yagwa kuchokera mu ukonde. Amene adaigwirapo nsomba imeneyi amaidziŵa minga yake, umodzi pamsana ndi iŵiri m'mbali, imene ikaimika sigonekanso msanga. Kodi pakati pa kuboola kwa munga ndi kufuula kwa msodzi pamachitika chiyani?

M'khungu lathu lonse, ndiponso m'minofu, m'mfundo za mafupa, m'mano ndi m'matumbo, muli timitsempha tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Pano tiyenera kuchenjera ndi chilankhulo chathu, pakuti mau akuti mtsempha timatchulira zinthu ziŵiri: njira za magazi, ndi tizingwe toyera tonyamula mauthenga pakati pa ziŵalo ndi ubongo. M'nkhani ino tikunena za tizingwe ta mauthengato. Tina ntchito yake ndi kumva kukhudza, monga ntchentche ikatera pamkono. Tina kumva kuzizira kapena kufunda. Koma pali tina timene timangokhala duu tsiku lonse, osanena kanthu, kufikira china chake chitayamba kuwononga thupi: chobaya, chotentha kwambiri, chofinya, kapena timadzi timene timatuluka m'minofu ikaphwanyika. Katswiri wina wa ku England, Charles Sherrington, ndiye adapereka dzina lakuti nociceptor kwa timitsempha timeneti m'chaka cha 1906, kutanthauza tolandira uthenga wa chovulaza. Ife tingoti ndi alonda.

Alonda aŵa ali ndi amithenga a mitundu iŵiri. Ena ndi aliŵiro: tizingwe tawo n'tokutidwa ndi kamafuta, monga waya wa magetsi amakutidwira ndi mphira, ndipo uthenga wawo umatha kuyenda mamita 20 kapena 30 pa sekondi imodzi. Ena ndi oyenda pang'onopang'ono, tizingwe tawo n'topanda chokutira, ndipo uthenga wawo umayenda mita imodzi kapena iŵiri yokha pa sekondi. Ndicho chifukwa chake tikapunthwa pa chitsa timamva kuŵaŵa kaŵiri. Koyamba kumakhala kobaya, kwachangu, kotiuza malo enieni. Kenaka pamakhala kamphindi kamene timayesa kuti zatha, ndipo kuŵaŵa kwachiŵiri kumafika, konyeka, kofalikira, kokhalitsa. Wothamanga uja adangobwera kudzanena kuti phazi lichoke pamenepo. Wochedwayo ndiye amabwera ndi lamulo lakuti phazilo lisapondenso pansi mpaka litapola.

Mauthengaŵa sapita molunjika kumutu. Amayamba afika m'chingwe cha m'msana, chingwe chofeŵa chija chimene chimatsika kuchokera ku ubongo m'kati mwa mafupa a msana; amene adasendapo mbuzi adachiona. Pamenepa mpofanana ndi pabwalo la nyakwaŵa. Moto ukabuka m'mudzi, nyakwaŵa sadikira kuti akayambe watula nkhaniyo kwa Mfumu Mponda kapena kwa Nankumba. Amalamula pomwepo kuti anthu atunge madzi, uthenga n'kumapita pambuyo. Momwemonso msana umalamula minofu ya mwendo kuti ikoke phazi, nulimbitsa mwendo winawo kuti munthu asagwe, zonsezi ubongo usanamve kanthu. Msodzi uja amayamba wadumpha, "mayo ine!" amabwera pambuyo pake.

Kuchokera pamenepo uthenga umaolokera mbali ina ya msana, wa phazi lamanja kukwerera cha kumanzere, nufika pakati pa ubongo, pamalo otchedwa thalamus, pamene umagaŵidwa. Gawo lina la ubongo limafunsa kuti ndi pati ndipo n'zazikulu bwanji. Gawo lina limabweretsa mantha ndi kuipidwa. Lina limasunga nkhaniyo kuti maŵa munthuyo adzayang'ane pamene akuponda. Zonsezi zikakumana mpamene timati zikuŵaŵa. Tsono ululu sukhala m'phazi monga mmene munga umakhalira m'phazi. Phazi limatumiza nkhani, koma mlandu umagamulidwa kumutu. Ndipo chodabwitsa nchakuti ubongo weniweniwo ulibe alonda, kotero kuti madokotala amatha kuuchita opaleshoni mwini wake ali maso, akuyankha mafunso awo.

Kwa nthaŵi yaitali sichidadziŵike chimene chimadzutsa mlonda, ndipo yankho lake lidachokera m'mbale ya ndiwo. Tonse timamdziŵa kambuzi. Tikunena tsabola uja, osati kansomba ka ku Malombe kamene kali ndi dzina lomweli. Timati tsabola akuwotcha m'kamwa, chonsecho tikamgwira m'manja ndi wozizira ngati phwetekere. M'chaka cha 1997 David Julius ndi anzake ku San Francisco adapeza kuti pa nsonga ya timitsempha tija pali kakhomo kakang'ono kamene kamatseguka kutentha kukapitirira madigiri 43, pamene khungu limayamba kukhala pangozi, ndiponso kuti mankhwala a mu tsabola, otchedwa capsaicin, amatsegula kakhomo komweko. Mlonda amangoona kuti chitseko chatseguka, nafuula kuti moto. Motero makolo athu ponena kuti tsabola amawotcha sadali kuphiphiritsa chabe, adalasa. Kakhomo ka mbalame sikamva tsabola, nchifukwa chake zimamudya mosangalala n'kukafesa njere zake kutali. Julius adalandira mphotho ya Nobel mu 2021, pamodzi ndi Ardem Patapoutian amene adapeza timakomo tomvera kukhudza ndi kufinya.

Anthu ophunzira a ku Ulaya kale ankaganiza kuti njira ya ululu ili ngati chingwe cha belu la kutchalitchi: ukakoka pansi belu limalira pamwamba, ndipo kulira kwake kumalingana ndi mphamvu ya wokokayo. René Descartes adafotokoza motere m'buku lake lotuluka mu 1664, momwe muli chithunzi cha munthu amene phazi lake layandikira moto. Koma moyo umatsutsa fanizoli. Asodzi amene adakumanapo ndi mwera pakati pa nyanja mwezi wa Julayi amadziŵa kuti chingwe cha ukonde chingathe kung'amba chikhato munthu osazindikira, mpaka atafika pamtunda naona magazi pa nkhafi. Dokotala wina wa ku America, Henry Beecher, adaona zomwezi pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse ku Anzio, m'dziko la Italy, kumene asilikali ambiri ovulala koopsa sankafuna mankhwala oletsa ululu, pamene anthu wamba okhala ndi mabala ofanana nawo m'zipatala za kwawo ankawapempha. Kwa msilikali bala lidali chiphaso chochokera kunkhondo ali wamoyo. Kwa munthu wamba lidali chiyambi cha mavuto.

Mu 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall adafotokoza kuti pabwalo la nyakwaŵa paja pali chipata. Mauthenga a kukhudza ndi kusisita, amene amayenda m'tizingwe tokulirapo ndi taliŵiro, amatha kukankha chipatacho kuti chitsekeke pang'ono, ndipo ubongo nawo umatumiza mau ake kutsika m'msana, mwina otsegula mwina otseka. Mai amene akusisita bondo la mwana wake wagwa, uku akuuzirapo mpweya, sakumnyenga mwanayo ai, akutseka chipata. Patapita zaka 10, ku Aberdeen, John Hughes ndi Hans Kosterlitz adapeza kuti thupi limapanga lokha mankhwala ake ogwira ntchito ngati morphine. Mantha, kusungulumwa, kusoŵa tulo ndi nkhaŵa ya ngongole zimatsegula chipata. Dzanja la mnzako, ntchito imene mtima uli pomwepo, ndi kudziŵa dzina la chimene chikukudwalitsa zimachitseka.

Choncho tikaona anthu aŵiri odwala matenda amodzi, wina akubuula wina ali chete, tisafulumire kunena kuti woyambayo ndi wamantha. Mwambo wathu umalemekeza kupirira: mnyamata amaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndipo mai woyembekezera amalangizidwa kuti asachititse manyazi abale ake pa tsiku lochira. Kupirira n'kwabwino, sitikana. Koma pali ululu wina umene ulibenso uthenga uliwonse. Munthu amene adadwala mashingozi nthaŵi zina amamva moto pakhungu miyezi yambiri zilonda zitapola. Wodulidwa mwendo amamva kuŵaŵa m'zala za phazi limene lidakwiriridwa kale. Wodwala khansa yofalikira sauzidwa chatsopano chilichonse ndi ululu umene umamsoŵetsa tulo usiku ndi usiku. Ameneyu ndi mlonda wosokonezeka, amene akuimbabe mluzu mbala itapita kalekale. Kumtontholetsa si tchimo, ndiponso si kuchepa chikhulupiriro. Papa Pius XII adanena zimenezi momveka mu 1957, poyankha madokotala ogoneka anthu pa opaleshoni, kuti mkhristu ali ndi ufulu wolandira mankhwala oletsa ululu ngakhale ali pafupi kumwalira. Morphine wamadzi amene zipatala zathu zimapereka kwa odwala otere ndi ntchito yachifundo, yofanana ndi kupatsa madzi munthu waludzu.

Koma tidayamba ndi anthu a mbali inayo, amene alonda awo adafa, ndipo pa iwo mpamene tikufuna kukhalitsa.

Khate ndi matenda akale pakati pathu, ndipo linkaopedwa koposa matenda ena opha msanga. Ena ankati ndi ufiti, ena ankati ndi tsoka la pamtundu, ena ankaloza nsomba zina zimene munthu adadya. M'madera ena wodwala khate ankamangiridwa kanyumba kunja kwa mudzi, ndipo akamwalira sankaikidwa m'manda a anzake. Amishoni a mipingo yosiyanasiyana adatsegula malo osamalirako odwalaŵa: ansembe a White Fathers ku Mua mu 1927, a Montfort ku Utale, a Anglican ku Likwenu, a Seventh Day ku Malamulo. Kumeneko anthu okanidwa kwawo adapeza denga, munda ndi wina wowatsuka zilonda. Komabe ngakhale osamalirawo, amene ena mwa iwo adathera moyo wawo wonse pa ntchitoyi, ankakhulupirira chimene aliyense ankayesa kuti akuona ndi maso, chakuti khate limadya mnofu ndi kuoletsa zala mpaka kuthothoka.

Kachilombo ka khate adakapeza ndi Gerhard Armauer Hansen ku Bergen, m'dziko la Norway, mu 1873. Ndi kachibale ka kachilombo ka chifuwa chachikulu cha TB, koma n'kaulesi kwambiri: kamatenga pafupifupi masabata 2 kuti kamodzi kasanduke tiŵiri, pamene tizilombo tina timachita zimenezi m'mphindi 20 kapena 30. Nchifukwa chake zizindikiro zimatha kuoneka patapita zaka 5, mwinanso mpaka 20. Sikafala msanganso monga ankaopera makolo. Anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse matupi awo amakagonjetsa okha. Mwa ochepa amene kamakhazikika, kamasankha malo ozizirirapo a thupi: khungu, mphuno, makutu, ndi mitsempha ya mauthenga imene imadutsa pafupi ndi khungu, monga pachigongono, pamfundo ya dzanja, m'mbali mwa bondo ndi pakakolo. Kamaloŵa m'chokutira cha mtsempha, thupi polimbana nako limatupitsa mtsemphawo, ndipo tizingwe ta m'kati timafa pang'onopang'ono. Nthaŵi zina mtsempha wotupawo umaŵaŵa koopsa, koma ukatha kufa kumagwa bata. Choyamba kuchoka kaŵirikaŵiri ndi kumva kutentha ndi kuzizira. Ululu ndi kukhudza zimatsatira.

Amene adaonetsa poyera kuti bata limeneli ndilo limadya zala ndi Paul Brand, dokotala wa opaleshoni ya manja, mwana wa amishoni a ku England wobadwira ku India, amene adayamba ntchito ku Vellore mu 1946. Iye adadabwa kuona kuti mnofu wa m'manja mwa odwala ake, akauchita opaleshoni, unkapola bwinobwino ngati wa munthu aliyense. Ngati mnofuwo ndi wamoyo, nanga zala zikupita kuti? Tsono iye ndi anzake adayamba kupenda manja ndi mapazi a odwalawo tsiku ndi tsiku, kufunsa chiyambi cha bala lililonse. Pafupifupi lililonse lidali ndi mwini wake: khala la moto, msomali wa mu nsapato, mpini wa chida, nyale yogwiridwa pagalasi. Zidatsala zala zimene zinkasoŵa usiku munthu ali mtulo, ndipo atadikirira adapeza kuti ndi makoswe amene ankazidya, mwini wake osadzidzimuka. Kuyambira pamenepo odwala otuluka m'chipatala chake ankapita kwawo ndi mphaka.

Tibwere nazo kwathu kuno, pakuti zimenezi si za ku India kokha. Mai wophika nsima akakhudza mphika wa pamafuwa, dzanja limathaŵa lokha, nafunafuna kansanza. Mnzake wa manja adzanzi amaugwira mphikawo mpaka kuutula pansi, ndipo amadziŵa kuti wapsa poona matuza. Bambo wolima ndi khasu la mpini wong'aluka, thuza likangoyamba amasintha kagwiridwe iye mwini osadziŵa n'komwe. Mnzake uja amagwira chimodzimodzi kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kupendeka. Ife tikayenda ulendo wapansi kutsika mapiri a Namwera kubwera kuboma, mapazi athu amasinthasintha kapondedwe kosaŵerengeka, ndipo pena pakatopa timatsimphina. Kutsimphinako, kumene timakuona ngati chilema, ndi nzeru ya thupi yopumitsira malo ovulala. Wopanda ululu satsimphina. Amaponda mwamphamvu pamalo amodzimodzi, pa mchenga wotentha ndi pa miyala chimodzimodzi, thuza nkusanduka chilonda, iye akupondabe pa chilondacho, mafinya nkufika pa fupa. Fupa limanyenyeka, thupi limayamwa tizidutswa take, ndipo chala chimafupika chaka ndi chaka, kotero kuti nthaŵi zina kachikhadabo kamapezeka kakumera pa mfundo imene yatsala. Ngakhale maso amasungidwa ndi ululu. Timaphethira kambirimbiri pa mphindi iliyonse chifukwa diso likayamba kuuma limatilasa pang'ono. Kulasako kukachoka diso limauma, fumbi limalikanda, mpaka munthu kusiya kuona.

Brand atasamukira ku Carville, ku America, mu 1966, iye ndi akatswiri a zamagetsi adayesa kupanga mlonda wochita kupanga. Adasoka magolovesi ndi masokosi okhala ndi tizipangizo tomva kufinya, toti tizichenjeza munthu akagwira chinthu mwamphamvu yopitirira. Chenjezo la kuŵala kapena la kulira odwalawo ankangolinyalanyaza. Pamenepo adalisintha kuti likhale kulasa kwa magetsi m'khwapa, mmene munthu adali akumvabe. Izi zidathandiza, koma panali vuto limodzi. Munthu akafuna kugwira ntchito yolimba imene ankadziŵa kuti imlasa, ankayamba wachotsa waya, nagwira ntchitoyo, nabwezeretsa wayayo pambuyo pake. Potsiriza ntchito yonseyo adaisiya.

Nkhani ya waya imeneyi imatiganizitsa kwambiri. Anthu aja sadali opusa. Ankadziŵa bwino ngozi yake, adali ataona manja a anzawo. Koma kudziŵa ndi kwina, kumva ndi kwina. Chenjezo limene munthu angathe kulizimitsa ndi malangizo chabe, ndipo tonsefe timadziŵa mmene malangizo amathera nthaŵi ya changu ikafika. Ululu weniweni sutipempha maganizo athu. Umatikakamiza, ndipo mphamvu yake yonse ili m'kuipa kwakeko. Ukadakhala wokoma, kapena wongotinong'oneza, bwenzi tonse tili ndi zala zoŵerengeka. Palinso china chozama kuposa apa chimene Brand adaona: odwala ena ankayamba kuliona dzanja lawo ngati chida chabe, ngati khasu kapena mbaniro, chinthu choti ungasonkhezere nacho moto. Zikuoneka kuti malire a chimene munthu amachitcha "ine" amafika pamene ululu wake umafika. Chiŵalo chimene sichitiŵaŵa timayamba kuchiyesa cha mwini wina.

Masiku ano khate limachizika. Mankhwala a dapsone adayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1940, ngakhale ankamwedwa zaka zambirimbiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 bungwe la LEPRA lidayamba kufikitsa mankhwala kumidzi ya m'Malaŵi muno pa magalimoto ndi pa njinga, kuti wodwala azichira ali kwawo, osapatulidwa kwa ana ake. Mu 1981 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, lidalimbikitsa kuphatikiza rifampicin, dapsone ndi clofazimine, ndipo tsopano munthu amachira m'miyezi 6 kapena 12, mankhwala ake ndi aulere, ndipo akangoyamba kumwa sapatsiranso anzake. Mu 1994 Malaŵi adafika pa muyeso wakuti odwala khate adachepera munthu mmodzi mwa anthu 10,000 alionse. Chidali chipambano chenicheni, koma ambiri adachimva ngati kuti khate latheratu. Silidathe. Odwala atsopano amapezekabe mazanamazana chaka ndi chaka, ndipo ena mwa iwo amafika kuchipatala zala zitapindika kale. Apa mpamene pali nkhani, pakuti mankhwala amapha kachilombo koma saukitsa mtsempha umene udafa kalekale. Mtsempha umene wangoyamba kufooka, miyezi 6 isanathe, madokotala amatha kuupulumutsa ndi mankhwala ochepetsa kutupa. Ukapitirira pamenepo, kaŵirikaŵiri mlondayo wapita osabweranso.

Nanga anthu amachedweranji? Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dzino likabuka usiku, kapena mutu wa malungo ukagunda, palibe amene amatiuza kuti tipite kuchipatala; timadzuka tokha. Koma khate limayamba ndi kabanga pakhungu, koyererako kapena kofiirira pang'ono, kosayabwa, kosaŵaŵa, kosatuluka thukuta. Ndani angasiye ukonde wake, nalipira galimoto kuchoka ku Makanjira, chifukwa cha kabanga kosaŵaŵa? Wina amati ndi chipere, nadzola mafuta ogula pamsika. Wina amakayikira ndithu, koma dzina la matendaŵa likadali lolemera, ndiye amakaphimba ndi malaya. Chonsecho kuyesa kwake n'kosavuta, kotheka pakhonde: munthu atseke maso, mnzake amkhudze ndi kathonje pakhungu labwino, kenaka pakabangapo, iye aziloza pamene wamva. Ngati pakabangapo sakumva, ulendo wa kuchipatala usadikire kukolola. Tiwonjezerepo kuti si khate lokha limapha alonda. Matenda a shuga, amene akuchuluka pakati pathu, akakhalitsa amachita zomwezi m'mapazi, ndipo miyendo yambiri imene imadulidwa m'zipatala idayamba ndi kachilonda kamene mwini wake sadakamve.

Kwa amene alonda awo adapita kale, chotsala ndi kuchita ndi maso ndi manja ntchito imene ululu unkachita wokha. Izi nzimene anamwino a khate akhala akuphunzitsa, ndipo si zamtengo. Madzulo alionse munthu aviike mapazi ndi manja m'beseni la madzi wamba, osati otentha, pakuti sangadziŵe kutentha kwake, kufikira khungu litafeŵa. Apale zikang'a ndi kamwala, chifukwa khungu louma ndi limene limang'aluka, kenaka adzole mafuta madzi asanaume. Ayang'ane chala chilichonse ndi pakati pa zala, ndipo kunsi kwa phazi aone ndi kagalasi. Pamene pafiira, patupa kapena pakufunda kuposa pena, pamenepo ndi pamene pakadamuŵaŵa, ndipo ayenera kupapumitsa ngati kuti pakuŵaŵadi. Nsapato ikhale yofeŵa m'kati, yolimba kunsi, yopanda misomali, ndipo aikutumule asanavale. Mpini wa khasu usalazidwe n'kukulungidwa nsanza, chikho cha tiyi chikhale ndi chogwirira, ndipo pa moto wa m'nyengo yozizira akhale patali kuposa anzake.

Zimenezi ndi za tsiku lililonse, moyo wonse, ndipo zimatopetsa, makamaka popeza palibe chimene chikuŵaŵa choti chimkumbutse munthu. Ndiye m'mabanja ambiri, maso a mwini wake akafooka, ntchitoyi imagwera mdzukulu. Amagwada pamphasa ndi tochi, napenda phazi la agogo ake chala ndi chala, nati, "Agogo, apa pafiira. Maŵa musapite kumunda."